AnyaMhango ndi Yotamu Wawo

Loweruka lapitali tinali kumudzi kwa a Gondwe, kuseri kwa Ekwendeni, ku mwambo wa chiliza cha AnyaMhango. Chaka chakwana chimwalirireni. Chilizacho n'chokongola ndithu, cha matailosi, ndipo olankhula analankhula. Wina anati malemuwa anali mayi ofatsa. Wina anaimirira n'kuwonjezera kuti anali odekha, osadziwa kukangana ndi munthu. Ine ndinangowerama n'kudziluma mlomo, chifukwa ndikanaseka pamanda anthu akanati mayi wa ku Zomba uja wapenga. Ofatsa? AnyaMhango? Abale, bodza lina muziliopa, mwini wake ali pansi pomwepo. Ndipo pa olankhula onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula Yotamu, mwana wawo wamwamuna, amene mayiwo anamukhalira moyo wawo wonse. N'chifukwa chake ndati ndilembe ndekha, poti pamanda wa lendi sapatsidwa mpata wolankhula.

Ndakhala pa lendi pa ploti pawo ku Zolozolo kuyambira pamene ndinabwera ku Mzuzu kudzagulitsa zitenje mumsika. Khomo langa ndi lawo n'zoyang'anizana, mpopi umodzi, chingwe choyanikira zovala chimodzi. Ndiye ngati pali munthu amene analawa lilime la mayi amene uja, ndine. Anali aphunzitsi a pulaimale opuma, aatali, owonda, ovala juzi ya ulusi ngakhale mu Okutobala, ndipo mawu awo ankafika kumsewu osachita kukuwa. Chichewa ankalankhula bwinobwino, chokoka cha kuno, koma akapsa mtima ankachisiya panjira n'kulowa Chitumbuka, kenaka Chizungu, mpaka wolakwayo asowe chilankhulo chothawiramo. Mawu awo oyamba pa nkhani iliyonse anali "Yayi!" Usanamalize n'komwe kulankhula, yayi wafika kale.

Anakangana ndi anyamata a kabaza chifukwa choliza njinga zamoto pageti. Anakangana ndi wa golosale chifukwa cha chikwangwani cholembedwa molakwika, mpaka anamubweretsera choko kuti akonze iwo akuona. Mpingo wina utabwera kudzachita chitsitsimutso pabwalo lapafupi, anapita okha kukazula waya wa sipika m'busa ali pakati pa pemphero. Ine ndinakangana nawo sabata yoyamba yomwe. Ndinkatsuka mbale wailesi ili pamwamba, ndinangoona munthu waima pakhomo panga, manja m'chiuno.

"Amake Chisomo, mwatandala uli? Wailesiyo munagula kuti muzimvera inu, kapena Zolozolo yose?"

Ndinati nyumba ndalipira ndipo wailesi ndi yanga. Anangondigwira dzanja n'kundikokera kuseri kwa nyumba yawo. Kumeneko ndinapeza bambo wamkulu, wandevu, atakhala pansi, zikhatho zili m'makutu, akugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo, akubuula ngati munthu wa dzino lopweteka.

"Uyu ndi Yotamu," anatero. "Phokoso kwa iye ndi moto. Sono sankhani, wailesi kapena nyumba."

Ndinakatsitsa wailesi. Madzulo ake ananditumizira nthochi phava lonse, osanenapo kanthu. Kupepesa kwawo kunali kotero, kwa nthochi ndi mbatata, pakamwa ayi.

Yotamu sankalankhula zambiri. Ukamupatsa moni ankabweza mawu ako omwewo, maso ali kumbali. Sankafuna kukhudzidwa modzidzimutsa, sankadya chakudya chosakanizika m'mbale, ndipo chilichonse pa tsiku lake chinali ndi malo ake: kusamba, tiyi, kupita ndi amake kukagula ndiwo pa kamsika ka ku Zolozolo, njira yomweyomweyo popita ndi pobwera. Ukasintha kanthu osamuuza, tsiku lonse lawonongeka. Koma ukamuuziratu mofatsa, kawiri katatu, kuti mawa kubwera alendo kapena mawa madzi asiya, ankamva ndipo ankapirira. AnyaMhango ankati mwana wawo si wovuta, ovuta ndi anthu amene amangogwa ngati mvula ya ku Mzuzu, osagogoda. Mawu oti wamisala ankadana nawo kuposa mbava. Mwana wa neba akawatchula, ankamutsata mpaka kwawo n'kukaphunzitsa ndi makolo omwe.

Funso lawo linali limodzi, ndipo ankalifunsa aliyense wooneka ngati anapitako kusukulu: abusa, anamwino, khansala, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi. Ankafuna kudziwa kuti iwo akadzafa, Yotamu adzakhala ndi ndani. Ena ankaseka, ena ankati Mulungu adzaona. Iwo ankati Mulungu akuona kale, chimene akusowa ndi munthu wa manja awiri wodziwa kuti Yotamu samwa tiyi m'kapu ya wina. Sankangofunsa ayi. Anamuphunzitsa kuchapa malaya ake, ntchito imene inatenga zaka, sitepe imodzi mwezi wathunthu. Ankaitana achibale a amuna awo kuti azibwera kudzagona, kuti mwana awazolowere nkhope. Ankavomera, koma akabwera m'tauni ankangodutsa kudzamwa tiyi, n'kuthamangira basi ya kumudzi.

Mbiri ya mavuto awo ndinaimva pang'onopang'ono, pampopi, tikuchapa. Yotamu atafika msinkhu woti mwana azilankhula koma osalankhula, akuchimuna anati vuto lachokera kuchikazi. Anamutengera kwa asing'anga, anamutengera kwa aneneri, anamumwetsa zowawa za mtundu uliwonse. Amuna awo, a Gondwe, atamwalira, mayiwo anatenga penshoni yawo n'kumanga tinyumba ta lendi, kamodzi n'kamene ndikukhala ine. Basi Zolozolo inapeza nkhani: akuti anakhwimira mwana, anamusandutsa chitsiru kuti alemere. Zinkawapweteka, ndinkaona, koma ankazisandutsa nthabwala. Ankati munthu wokhwimira mwana wake weniweni n'kungopeza tinyumba todontha ndi wa lendi wa ku Zomba wapakamwa, ameneyo sing'anga wake anamubera.

Kuchipatala ndiye ankabwerako atatupa ndi ukali. Ankati ukadwala malungo kapena shuga pali khomo lako ndi mankhwala ako, koma zonse za m'mutu khomo lake n'limodzi ndipo mapiritsi ake ndi amodzimodzi. Yotamu ankamuimika pamzere wautali, m'phokoso, pakati pa anthu okankhana, ndiye pofika kwa dokotala amakhala atayamba kale kukuwa ndi kudzimenya. Dokotala akaona zimenezo, basi, mapiritsi ogonetsa. Anamumwetsapo kanthawi. Munthu anauma khosi, dovu likungotuluka, kugona usana wonse ngati thumba la makala. Tsiku lina anawatenga onse n'kukawataya m'chimbudzi, n'kunena kuti anapita kukafuna thandizo, osati kukazimitsa mwana. Ulendo wotsatira ankapeza namwino watsopano, n'kuyambanso kufotokoza kuchokera tsiku limene mwana anabadwa.

Dzina la vuto la Yotamu analimva mwanayo atayamba kale kumera imvi. Kunabwera achinyamata ochita kafukufuku, aulemu ndithu, mafoni m'manja, akufunsa m'makomo za anthu a ulumali. Mtsikana mmodzi atamuona Yotamu ndi kumva mbiri yake, anati zikufanana ndi zimene amazitcha otizimu. Akuti munthu amabadwa nazo, ubongo wake umamva zinthu mosiyana ndi ena, si ufiti, si tchimo la mayi. Tsiku limenelo AnyaMhango anagula zoziziritsa kukhosi, ine langa botolo, Yotamu lake. Ankangobwereza kuti zaka zonsezi akhala akusenza mlandu umene sanapalamule. Koma atawafunsa achinyamatawo kuti nanga munthu wamkulu wotere amathandizidwa kuti, anayamba kuyang'anana. Akuti malo alipo ochepa, ambiri ndi a ana, ali kutali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ofikako ndi a matumba olemera. Akuti iwo ntchito yawo n'kusonkhanitsa mayankho kuti akuluakulu adziwe kukula kwa vuto. AnyaMhango anawauza kuti yewo chomene chifukwa cha dzinalo, koma dzina silisambitsa munthu.

Sindikuti ana aja anali oipa. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti patapita zaka kunabweranso gulu lina, pakhonde lomwelo, ndi mafoni ngati omwewo, koma tsopano wofunsidwa anali AnyaMhango eni ake.

Kuiwala kunayamba ngati masewera. Mchere kawiri m'ndiwo. Makiyi m'ndowa ya ufa. Kenaka anayamba kunditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Tsiku lina anandinena pamaso pa anthu kuti ndawabera chitenje, chitenjecho chili m'chiuno mwawo. Ndinalira tsiku limenelo, osati chifukwa chonamiziridwa, koma poona kuti mutu uja, umene unkakumbuka dzina la mwana aliyense amene anamuphunzitsa, wayamba kudontha. M'mawa wina anatuluka atatchena, choko m'manja, akuti achedwa kusukulu, sukulu imene anaisiya ine ndisanabwere n'komwe ku Mzuzu. Kuchipatala anati ndi ukalamba amama, kapumeni, n'kuwapatsa mapiritsi a mutu. Towera, mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito mu ofesi m'tauni ndipo amakhala ku Chibanja, anawatengera kwa dokotala wolipira. Kumeneko anati ndi matenda oiwala amene amagwira okalamba, sachira, azingoipiraipira.

Gulu lachiwiri lija linali la matenda amenewa. Anawafunsa kuti lero n'lachingati, anawauza mawu oti awasunge m'mutu, anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi. Mphunzitsi wa zaka zonse zija analephera kujambula wotchi, ndipo anadziwa kuti alephera, nkhope inagwa. Koma pomaliza, atafunsidwa ngati ali ndi funso, anawongoka. Analoza Yotamu, amene anali pakona ya khonde, n'kufunsa funso lawo lija, lonse, osaphonya liwu. Mnyamata wofunsayo anayankha mwaulemu kuti pepani amama, kafukufuku wathu ndi wa okalamba okha, za bambowa ndi za gulu lina. Asa! Nyumba imodzi, poto mmodzi, koma mayi ndi wa gulu ili, mwana ndi wa gulu lina.

Chikhala kuti wina anakhala pakhonde paja tsiku lathunthu, m'malo mofunsa n'kumapita, akanaona chimene ine ndinkaona ndili pakhomo panga. Yotamu ndi amene ankawasunga amake. Sankadziwa kuti akuwasunga, ankangochita zimene amachita masiku onse. M'mawa ankaima pampopi ndi beseni, osasuntha mpaka amake abwere kudzasukusula. Ankaika makapu awiri, ndipo sankamwa tiyi amake asanamwe, ndiye mayiwo, amene paokha akanaiwala kudya, ankadya. Popita kumsika iye ankatsogola, akafika pokhota ankaima, osacheuka, mpaka amve mapazi awo kumbuyo. Panjira imeneyo AnyaMhango sanasocherepo. Nawonso, ngakhale masiku amene sankadziwa kuti ine ndine ndani, Yotamu akayamba kubuula manja awo ankadziwa chochita. Ankamugwira chikhatho, kuchifinya pang'onopang'ono, n'kumaimba chapansipansi nyimbo ina ya kutchalitchi mpaka mwana atakhazikika. Ine ndinkaphika ndiwo, kugula makala ndi kuyang'anira moto ndikakhalapo. Zinkayenda, movutikira, koma zinkayenda.

Zinathera pa mbaula. Masana ena ine ndili kumsika, anayatsa mbaula m'nyumba chifukwa cha kuzizira kwa mu Juni, n'kuiwala, katani inagwira moto. Neba anazimitsa, palibe anapsa. Koma Towera atamva anachita mantha, ndipo sindimunena, ndi amake. Anaimba foni kumudzi kwa malemu abambo ake, ndipo Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, pakhonde panadzaza. Woyendetsa nkhani anali a Gondwe aang'ono, mng'ono wa malemu amuna awo a AnyaMhango, bambo wa jekete yakuda ndi mawu ozizira.

"Nkhani apa ndi yapafupi," anatero. "Odwala awiri sangasungane. Alamu athu apite kwa mwana wawo ku Chibanja, kuli mpanda, kuli wantchito. Yotamu ndi mwana wa kwa Gondwe. Ng'ombe za lobola zinapita kwa a Mhango, zonse, palibe inatsala. Ndiye mwana ameneyu tikumutenga kukaya, kumudzi kwa adada ake, akakhale ndi ife."

Towera anawerama. Ndinkadziwa kuti anayesapo kupempha amuna ake kuti atenge onse awiri, koma bamboyo anakana, akuti ana akuopa ndipo nyumba ndi yaing'ono. Ine sindinaitanidwe pa nkhaniyo, ndinkangothira tiyi, koma pakamwa panandiyabwa.

"Pepani akuluakulu, ine ndi wapadera, koma ndimakhala nawo. Awiriwa musawalekanitse. Pezani munthu azikhala nawo masana, ndikaweruka ndilipo ine."

"Yewo, amayi," anatero a Gondwe akumwetulira. "Mwatithandiza chomene. Koma inu kwanu kumwera mwana ndi wa kuchikazi. Kuno n'kwina. Izi ndi za pabanja."

Ndinaika ketulo pansi. Pamenepo AnyaMhango, amene chiyambireni anali duu pampando ngati sakumva, anaimirira. Abale, anali iwo enieni, aja akale, msana woongoka, chala m'mwamba.

"Yayi! Alamu, mutu wanga ukudontha, ndikudziwa, simukuchita kundiuza. Koma ichi chimodzi ndikuchidziwa kuposa nonsenu. Ng'ombe zanu zinagula dzina. Amene wamusambitsa mwana uyu ndine. Kukaya kwanu wafikako kangati? Mukudziwa chimene amadya? Mukudziwa chimene chimamuopsa? Mukatitenga, mutitenge tose. Mukatisiya, mutisiye tose. Mukatigawa ngati katundu wa malemu, mwatipha tose, ndipo ine ndikuti..."

Anaima. Chala chinali chikadali m'mwamba, koma mawu anathawa. Anayang'ana nkhope imodziimodzi. Kenaka anamwetulira mwamanyazi, n'kukonza duku, n'kutembenukira kwa ine.

"Alendowa afika nthawi yanji? Mwawapatsa madzi? Adada ake Towera sanabwere kuntchito?"

A Gondwe sanakweze mawu. Anangotambasula manja n'kuyang'ana anthu onse. "Mwaona nokha."

Nkhani inathera pomwepo. Mawu onse anzeru aja anafufutika chifukwa cha funso limodzi losokonekera, ngati kuti munthu akaiwala kuti mwamuna wake anafa ndiye kuti waiwalanso mwana wake. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, koma apa panalibe n'komwe wamisala, panali mayi wonena zoona.

Anawatenga patangopita masiku ochepa. Ndinawachonderera kuti amuuziretu Yotamu monga ankachitira amake. Anati akamuuza avuta, ndiye anamunamiza kuti akupita kumsika. Analowa m'galimoto chifukwa amake analowa. Ku Chibanja anatsitsa mayi, n'kutseka chitseko, galimoto n'kunyamuka. Towera anandiuza pambuyo pake, akulira, kuti kukuwa kwa mlongo wake anakumva mpaka galimoto itakhota.

Ku Chibanja kunali zonse: matilesi abwino, madzi otentha, wantchito, geti lachitsulo. AnyaMhango anakana kudya. Ankati adya mwana akadya. Tsiku lonse ankamanga zovala m'chitenje n'kukaima pageti. Ndikapita kukawaona sankandizindikira, koma ankandifunsa ngati minibasi ya ku Zolozolo yadutsa. Munthu amene kuno ankasamba, kudya ndi kuyenda yekha, m'miyezi yochepa anafika pokakamizidwa phala ndi supuni. Dokotala anati matendawa amatero. Mwina amaterodi, ine si dokotala, koma ndinaona ndi maso angawa tsiku limene anayamba kutsetsereka.

M'mawa wina wantchito anaiwala kukhoma geti. Anatuluka kukungocha, opanda nsapato, chitenje chinagwera panjira n'kutsala ndi pitikoti yokha. Anayenda mpaka kufika mbali ya kuno, koma popanda wowatsogolera anakhota polakwika n'kulowa pabwalo la anthu osawadziwa. Mwini nyumba potsegula chitseko anapeza gogo wa imvi, wosavala, akusuzumira pawindo. Anakuwa kuti mfiti yagwa pa ndege. Mukudziwa mmene anthu amathamangira nkhani yotere, kuposa mmene amathamangira kukazimitsa moto. Pamene wa kabaza wina, amene anamuphunzitsapo ali mwana, ankawazindikira n'kudzandinyamula, mwala unali utawang'amba kale pamphumi.

Ndinawapeza atakhala m'dothi, anthu atawazungulira, ena akujambula ndi mafoni. Ndinawafunditsa chitenje changa. Ndinatukwana tsiku limenelo, mawu amene sindingawalembe pano. Iwo sankalira, magazi sankawaona n'komwe. Anandigwira mkono n'kundiyang'ana ngati mlendo wachifundo amene akumana naye panjira.

"Amama, mwamuonako mwana wanga? Salankhula, koma si wamisala yayi. Sanamwe tiyi."

Anamwalira ndi chibayo mvula itangoyamba, geti la ku Chibanja lili ndi loko watsopano. Pa maliro Yotamu sanaoneke. Akuti anamupititsa kwa achibale mudzi wina, kuopa phokoso.

Ndiye Loweruka lija ku chiliza, anthu akudya, ndinafunsa za iye. Akazi a a Gondwe aang'ono ananditengera kuseri, ku kakhitchini ka udzu. Yotamu anali pansi, wowonda, ndevu zosameta, dovu pachibwano. Mapiritsi aja anayambanso. Kumwendo kunali chingwe cha ng'ombe, chomangidwa ku mzati. Mayiwo anati amangomumanga kukakhala alendo kapena onse akapita kumunda, chifukwa akamasuka amalunjika kumsewu wa ku Mzuzu, ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kugundidwa ndi lole. Si mayi oipa.

"Tichite uli, amama? Palibe anatiphunzitsa."

Ndipo n'zoona, palibe. Towera naye akuti akufunafuna malo amene angamulandire. Wafunsa kuchipatala, kumpingo, m'maofesi, ndipo kulikonse akumuuza mwaulemu kuti akayese kwina. Ndinafunsa akazi a a Gondwe aja ngati wina anamuuza Yotamu za amake. Mayiwo anadabwa, anati nanga angamve chiyani.

Chiliza chili pafupi, ukaima pakhomo la kakhitchiniko umachiona. Ndinakhala pansi chapatali pang'ono, osamukhudza, n'kumuuza mofatsa kuti amama anadwala, amama anamwalira, sabweranso, agona apo. Ndinabwereza. Naye anabwereza, maso ali kukhoma: "Amama sabweranso." Kenaka anatambasula chikhatho n'kuchisiya m'malere, chotsegula. Ndinachigwira, ndinachifinya, koma nyimbo ija sindiidziwa, ndi ya Chitumbuka. Galimoto imene tinabwera nayo inaliza hutala.

Nyumba yaikulu ija ili yotseka chichokereni eni ake. Towera anachotsa katundu n'kundisiyira kiyi kuti ndizionetsa ofuna lendi, koma ambiri akumva mbiri n'kubwerera pageti. Dzana kunabwera bambo wina wa tayi, wongosamutsidwa kumene kuchokera ku Lilongwe. Anayendera zipinda, anagogoda makoma, kenaka anatsitsa mawu n'kundifunsa ngati n'zoona zimene wamva panjira, kuti munkakhala mfiti ndi wamisala. Ndinamuuza kuti munkakhala aphunzitsi ndi mwana wawo.

M'katimo mukununkha chinyezi, nkhungu yakwera m'makona, pakhoma patsala misomali yokha. Pa khoma lolekanitsa chipinda cha mayi ndi cha mwana pali kabowo kamene ngakhale ine sindinkakadziwa, poti kuchipinda kwa eni ake sikulowedwa. Njerwa imodzi inachotsedwa, m'munsi, polekezera bedi. Mwana wamwamuna wamkulu sagona chipinda chimodzi ndi amake, ndiye AnyaMhango anaboola khoma kuti dzanja lokha lizidutsa. M'mphepete mwake mwasalala, mwada ndi thukuta la zaka. Bambo uja anati angalowe pokhapokha pamenepo patatsekedwa, ndipo Towera wati womanga abwera sabata yamawa ndi simenti. Mlendoyo atapita ndinagwada n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono. Kuseri kunalibe kanthu, kuzizira kokha.